Diso Lachiwiri la Amayi

Magalasi akuda aja ndikadali nawo. Ndi apulasitiki, mwendo umodzi ndi womanga ndi ulusi wa thumba la feteleza. Amayi anawalandira kuchipatala chilimwe chimene anawachotsa ng'ala.

Ine ndine wotsiriza kubadwa. Pamene ndinkayamba sukulu, maso a amayi anali atayera kale ngati madzi otsukira mpunga. Kutchalitchi ndi kumjigo ndinkawatsogolera ndi ndodo, ine patsogolo, iwo pambuyo. M'nyumba sankafuna munthu. Manja awo ankadziwa pali mchere, pali mpeni, pali machesi.

Abambo anali mkamwini. Kwathu kumunsi kwa Michesi mwamuna amakhala kwa mkazi. Munda ndi wa mkazi, malo ndi a mkazi. Chake cha mwamuna ndi chimene angathe kunyamula. Amayi akadali kuona, awiriwa ankagulitsa nandolo n'kumagula malata, limodzilimodzi. Anawamangirira m'mwamba m'nyumba, pamitanda, kudikira njerwa. Udzu wa padenga ukadontha, amayi ankasuntha mphasa n'kunena kuti, "Chaka chamawa tigona m'malata."

Titakolola nandolo chaka chimene anawachotsa ng'ala chija, abambo anati akupita ku Mozambiki kukagwira ganyu. Amayi anali atakagona kumaliro m'mudzi wina. Ndinaona abambo akutsitsa malata, kuwapinda, kuwamanga panjinga. Anati akuda ndi utsi, akawasungitsa kwa mmisiri. Ndinakhulupirira. Jekete lawo analisiya pamsomali kuseri kwa chitseko. M'mawa uliwonse amayi ankalikhudza podutsa. "Abwera mvula isanagwe," ankatero. "Munda sangausiye."

Za madokotala a maso tinamva kwa aphunzitsi. Anatiuza pamzere kuti ng'ala si ufiti, imachotsedwa. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anawakweza panjinga mpaka pa Migowi, kenako minibasi. Kuchipatala anawachita diso lamanja. Lamanzere anati akabwererenso mvula ikatha.

Anabwera ndi malamulo. Osawerama, osasinja, osasenza ndowa, osayandikira utsi, osatikita diso. Pogona agone chagada. Ndipo magalasi aja azivala padzuwa mpaka bala litapola.

Tsiku limenelo dzuwa linkaotcha, fumbi likulowa m'mano. Ndinawachingamira pamsewu ndodo ili m'manja. Anaikana. Anaima, nakweza magalasi pang'ono, nayang'ana kumtunda.

"Phirili analimeta ndani?"

Amalume anaseka. Mitengo ya m'Michesi inatha iwo ali mumdima. Kenako anayang'ana chitenje chimene anavala. "Chofiira chonchi? Mwakhala mukunditengera kutchalitchi ngati tambala, osandiuza?" Anaona nyerere pansi. Anaona zigamba pakabudula wanga. Anati thambo silinali la buluu chotere kale, wina walichapa. Pomaliza anagwira chibwano changa, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, mphuno iyi ndi ya bambo ako."

Sindikumbukira tsiku lina limene ndinakondwa chomwecho. Akazi a amalume anabweretsa kalongonda m'mbale. Amayi anadya akuyang'ana nyemba iliyonse asanaiponye m'kamwa.

Masana anatopa. Analowa m'nyumba, nagona chagada monga anawauzira. Ine ndinakhala pakhomo ndi kabotolo ka mankhwala odontheza. Kunali zii. Nkhuku yokha ikupalasa.

"Malata ali kuti?"

Ndinawauza za utsi ndi mmisiri. Diso lija linkangoyenda pamitanda, pamene panatsala zingwe zolendewera ndi mwaye.

"Kaitane amalume ako."

Amalume anaima pakhomo, chipewa m'manja. Sanalowe. "Mlongo, tinati muchire kaye."

Ku Mozambiki kunalibe ganyu. Abambo anali ku Jenala, m'boma lathu lomweli. Anakwatira kumeneko, ndipo nyumba ya mkaziyo inali itafoleredwa kale. Mudzi wonse unkadziwa. Amayi a kumjigo ankadziwa, a kutchalitchi ankadziwa. Osadziwa tinali awiri, wakhungu ndi mwana.

Lero ndine bambo. Ndimati amalume analakwa. Masiku ena ndimati akanawauza, amayi sakanakwera njinga ija. Sindinagamule mpaka pano. Koma za jekete ndinagamula kalekale. Munthu amene analisiya ankadziwa pamene manja a mkazi wake amafika, ndi pamene safika.

Amayi sanakuwe. Anakhalabe chagada. Misozi inkatsikira m'makutu. Manja anawapanikiza pansi pa msana kuti angatikite diso. Nthawi ya mankhwala itakwana anandiitana, natsegula okha chikope. Dontho linagwera m'misozi.

Bala linapola bwino. Mvula itagwa analima okha munda wonse, mizere yowongoka kuposa ya abambo. Ankapeta, ankasoka, ankalowetsa ulusi pasingano. Ndodo ija ndinkathamangitsira mbuzi. Jekete analiveka mtengo pakati pa mapira kuti liziopseza mbalame.

Koma magalasi sanawavule. Kumjigo, kuchigayo, kutchalitchi, ngakhale kuli mitambo. Azimayi akawapatsa moni, iwo ankayankha atayang'ana pansi. Tsiku lina ndinawamva akuuza akazi a amalume kuti, "Kale ndinkangomva mawu anu. Anali abwino."

Mvula itatha amalume anabwera ndi njinga, atamanga kale chitenje pakaliyala. Amayi anali kusenda chinangwa. Sanadzuke.

"Limodzili landikwanira."

Amalume ananyengerera. Aphunzitsi nawonso anabwera Loweruka lina, nanyengerera. Amayi anawapatsa mpando, anawathokoza, nakana. Diso lamanzere analowa nalo m'manda lili loyera.

Ine ndinkaganiza kuti akuopa mpeni. Ndinkawakumbutsa kuti iwo eni anati sizipweteka. Ndinawakwiyira nyengo yonse ija. Ndinkati akakhala ndi maso onse awiri, adzakhala oyamba kuwaona abambo akutulukira pamsewu.