Mtima wa Ababa ndi Nyumba Yakumapeto

Tinanyamuka ku Chiputo kukungocha, giya, kalata yotilola kuyenda, ili m'thumba, poti nthawi ya nkhondo ija munthu sunkangodzukira ulendo. Ababa ndinawakweza panjinga, ine n'kumakankha. Miyendo inali itawatupa, ndipo akayenda pang'ono ankapuma mwawefuwefu. Ndinkaopa kuti mvula yoyamba sidzawapeza. Iwo nkhawa yawo inali pa kamtolo ka mchere, mphatso ya enfermera, namwino wa ku Fingoe. Mchere unkasowa zaka zimenezo, ndiye ife ana tikaupeza tinkawathirira Ababa wochuluka, ati kuwalemekeza.

Dzuwa lili paliwombo tinapuma pamtsinje wouma, n'kudya chinangwa chootcha. Pomwepo kamyau, lole ya asilikali, inatitola, njinga ndi ife tomwe. Woyendetsa anakana ndalama.

"Fodya alipo, madala?"

Ndudu ziwiri zinatifikitsa ku Fingoe dzuwa likupendeka.

Enfermerayo, mayi wamfupi wa magalasi, anamanga lamba pamkono wa Ababa n'kupopa. Pomwe pakupweteka sanafunse n'komwe.

"Mu aldeya mwanumo nyumba yanu ili pati?" anatero, kunena mudzi wamizere umene boma linatisonkhanitsamo.

"Kumapeto, moyang'ana tchire."

"Ndinadziwa. A tensau yokwera chonchi, magazi othamanga, ambiri amachokera kumapeto. Simugona, makutu amangokhala kumfuti. Apakati, oyandikana ndi chitsime, amandibweretsera malungo basi."

Kenaka anandiika timapaipi take m'makutu kuti ndidzimvere ndekha. Ndinazizwa. Bambo wofatsa uja, amene sindinamuonepo akuthamanga, mtima wake unkagunda ngati wa munthu wothamangitsidwa. Sindinkadziwa kuti pamene nyumba yaima pangamvekere m'chifuwa cha mwini wake.

Ababa anatulutsa mphatso ija mwaulemu. Mayiyo anaseka.

"Uwu ndilandira ndi manja awiri, bola usabwererenso m'ndiwo zanu. Mapiritsi ndili nawo a sabata ziwiri zokha. Mankhwala otsalawo n'kusamuka."

Ndinachita manyazi pokumbukira dzanja langa lowolowa mchere lija.

Pobwerera kamyau sinapezeke, tinakankha njinga masiku awiri. Titafika ndinawasiya Ababa kwa azakhali, mzere wachitatu kuchokera pachitsime, ine n'kubwerera kumapeto, poti nyumba ija inkafunikabe munthu.

Mvula inawapeza Ababa akulima. Tsiku lina masana ndinawaona atagona tulo pamphasa, n'kuika khutu pachifuwa pawo. Mtima unali ukuyenda, usakuthamanganso. Wanga ndiwo sindinafune kuumvera.