Sikisi Yanga Yosaswa

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka ngati khumi pamene ndinagwira ndalama yangayanga koyamba. Tinkakhala m'mudzi wa amayi, kufupi ndi Malomo, ndipo masiku amenewo ndalama zinali zachilendo ndithu. Mchere tinkasinthanitsa ndi nyemba, khasu ndi nkhuku. Ndalama zinkafunika kwenikweni kamodzi pachaka, amesenjala a boma akabwera ndi mawu a msonkho wa nyumba. Bambo wosowa msonkho ankayenera kuchoka kukaufuna kuminda ya azungu, kutali kummwera, ndipo ena sankabwerako.

Amayi anali ndi njira yawo yosungira atate pakhomo. Ankaweta nkhuku, nthawi ya msonkho ikayandikira n'kugulitsa atambala kwa amtengatenga odutsa ndi katundu. Koma sankasunga nkhuku zonse malo amodzi. Kwathu kunali mwambo woikiza: umatenga msoti, nkhuku yaikazi imene sinayambe kuikira, n'kukausiya kwa mbale wa kumudzi wina. Ukaswa, wosungayo amatengako anapiye ena, otsala ndi ako. Matenda akagwa kuno, uko zimapulumuka.

Tsiku lina m'mawa amayi anamanga miyendo ya msoti wamawangamawanga ndi luzi, nandipatsa.

"Eliya, pita nawo kwa azakhali ako kuseri kwa phiri. Ukawauze kuti ndaikiza. Usakasewere panjira."

Ndinaukumbatira, ukutentha pachifuwa panga. Pamtsinje ndinapeza amtengatenga atatula mitolo, akusonkha moto. Mmodzi wa iwo, wamanyende m'mano, anandikodola.

"Iwe mphwanga, ndiwo zimenezo ukupita nazo kwa apongozi ako?"

Anzake anaseka. Iye anamasula kansalu m'chiuno natulutsa sikisi, kandalama koyera konyezimira, nakaika padzanja langa. Kanali kozizira.

"Nkhuku imagwidwa ndi kabawi, imadwala, imafa," anatero. "Koma iyi siwola. Ngakhale chiswe chimailephera."

Sindinali mwana wosusuka. Sindinaganize za shuga kapena mpeni wa kusitolo. Ndinangoona kuti munthuyo akunena zoona, ndipo ndinadziyesa wochenjera kuposa amayi. Ndinati ndidzaitulutsa tsiku la mavuto, onse adzandiyamika. Ndinapereka msoti, ndinazungulirazungulira m'tchire mpaka dzuwa linapendeka, kenaka ndinabwerera.

"Azakhali ako ali bwanji?"

"Ali bwino, akupereka moni."

Sikisiyo ndinailowetsa m'kansungwi, ndinatseka ndi chitsononkho, ndi kukasomeka kudenga la khitchini. Mwezi uliwonse ndinkakaisuzumira. Inali momwemo, yodetsedwa pang'ono ndi utsi. Lamulungu m'tchalitchi mphunzitsi akamanena za bodza, ndinkayang'ana zala zanga za kumapazi.

Chaka chotsatira, nyengo yotentha, kunagwa chitopa. Nkhuku zinayamba kuwodzera masana, mapiko ali pansi, makosi atapindika. M'masiku ochepa mudzi wonse unalibe tambala wolira. Amayi anakwirira zawo kudzala, nasamba m'manja.

"Musade nkhawa, a Banda," anauza atate. "Wamawanga uja pano waswa kawiri kapena katatu. Ndi mtedza wotsalawu tikwanitsa. Mawa Eliya akatenge atambala."

Tinali titakhala pamkeka pakhonde. Ndinadzuka, ndinalowa m'khitchini ndi kutsitsa kansungwi kaja. Ndinagwada pamaso pawo, ndinagwedezera sikisi pamkekapo, ndi kuulula zonse.

Amayi anagwira pakamwa. "Mayo ine! Chaka chathunthu, mwana iwe, ukudya nane mbale imodzi?"

Atate anali munthu wosafulumira kulankhula. Anatola sikisi ija, naitembenuza uku ndi uku, nasuzumira m'kansungwi ngati akufuna kanthu kena.

"Yakhalamo chaka?"

"Inde, atate."

"Yaswa zingati?"

Mlongo wanga wamng'ono anaseka, amayi anamuyang'ana, iye n'kuleka.

Sanandimenye, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mkwapulo. Mtedza pamodzi ndi sikisi sizinafike pa msonkho. Mvula yoyamba itangogwa, nthawi imene munda umafuna manja a mwamuna, atate anakulunga mkeka ndi kampoto, natsazika. Ndinawaperekeza mpaka pamtsinje pomwe paja. Pamenepo anaima, nandibwezera ndalama ija.

"Bodza lija ukakambirane ndi Mulungu ndi amayi ako," anatero. "Koma pakusunga sunalakwe, mwana wanga. Ambiri akanadyera panjira. Chimene sunadziwe n'chakuti china timabisa, china timachituma kuti chikagwire ntchito. Ndipo sitiika zonse pakhomo limodzi. Chitopa chikatha ukagule msoti, ukaperekedi kwa mlongo wanga."

Dzinja limenelo ndinalima ndi amayi mpaka manja anachita matuza. Theka la munda linagonja ndi udzu, ndipo mwezi wa njala tinadya maungu ndi masamba ake. Madzulo alionse popemphera amayi ankatchula dzina la atate, ine n'kumaganiza za amuna a m'mudzi mwathu amene anapita osabwera.

Msoti ndinaugula kwa munthu wa kutsidya, ndinapita nawo ndekha. Azakhali atamva nkhani yonse anaseka mpaka misozi.

"Ndiye moni wanga uja unkautenga kuti, mbuli iwe? Bwera nawo kuno."

Atate anabwera chimanga chitauma, ataonda, mapazi atang'ambika, chiphaso cha msonkho chili m'kabango kosungiramo. Chaka chimenecho ndinatsika phiri ndi atambala anayi m'dengu. Atate sanachokenso pakhomo mpaka imfa yawo.

Nditakula ndinakhala mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, wa malipiro ochepa. Nkhani iyi ndinamufotokozera NaPhiri, mkazi wanga, tisanakwatirane, ndipo anaisunga kuposa ine. Malipiro akabwera, tikachotsa chopereka cha kutchalitchi, iye ankapatula pang'ono za tsiku la matenda, kwinako n'kumandifunsa akumwetulira, "Nanga izi, aphunzitsi, tizitume kuti?" Ana athu anaphunzira ndi ndalama za mbuzi.

Tsopano ndikuona kuti wamtengatenga uja sananame, ndipo amayi sanalakwe. Munthu amafunika zonse ziwiri, kobisa ndi koswa. Ine ndinadziwa chimodzi chokha, ndipo anandilipirira ndi atate, ndi mapazi awo.

NaPhiri anatisiya zaka zitatu zapitazo. Patapita mwezi chiikireni maliro, kunabwera mayi wina wa ku Chisepo amene sindinkamudziwa, akukoka mbuzi ziwiri pachingwe. Anagwada pabwalo nati, "Malemu anaikiza kwathu. Yaswa."

Ndinalowa m'nyumba kukalira pang'ono, kenaka ndinatuluka kukamanga khola.