Kukatenga ba Mwale ku Kabwata

Ndinatuluka m'nyumba ku Chelstone dzuwa lisanatenthe, mtima uli pa chinthu chimodzi: ba Mwale, wantchito mnzathu, asachotsedwe ntchito. Ine ndimayang'anira chitetezo cha antchito pafakitale ina ya mabotolo. Lamulo lathu linkati wozimitsa makina ndi kapitawo yekha. Lachisanu ovolosi ya mnzawo, ba Chanda, inakodwa m'makina kapitawo ali kutali, ndipo ba Mwale anazimitsa okha. Dzanja linapulumuka, koma ba Mwale anaimitsidwa ntchito, ndipo mlandu wawo unali woti ukambidwe tsiku limeneli.

Minibasi ya ku tauni inali K15. Titayandikira apolisi pa Great East Road, dalaivala anakoka lamba wapampando n'kumupanikiza ndi chigongono, osamanga. Titadutsa anamutaya.

"Ba driver, iyo lamba ni ya ba police?" ndinafunsa.

"Mami, lamulo tasunga!" anayankha, basi yonse n'kuseka.

M'tauni ndinakwera basi ina, ndipo cha m'ma eyiti ndinatsika pamsika wa Kabwata. Ba Mwale anali pabenchi, atavala patapata, vitumbuwa vikuzizira m'manja.

"Sinizayenda ku mulandu, amake Dalitso. Ninalakwa, lamulo ni lamulo."

"Manje kwanja ya ba Chanda sembe inajubika, kudukilatu, sembe mukamba chani? Valani nsapato, tiyeni."

Anandiyang'ana kwakanthawi, kenako ananyamuka.

Tinasintha basi m'tauni, K10 aliyense, n'kukwawa pamsewu wa Lumumba kumbuyo kwa malole ofuka utsi. Tinafika ku Industrial Area fumbi lili m'mano.

Bwana wa fakitale sanali munthu wankhanza. Nkhawa yake inali yomveka.

"Aliyense akamazimitsa makina mmene wafunira, ntchito iyenda bwanji?"

"Bwana, lamulo limenelo linaikidwa kuti munthu asavulale," ndinatero. "Tikawachotsa ba Mwale, mawa wina adzaona mnzake akukokedwa, iye n'kuthamanga kukafuna kapitawo."

Anagogoda tebulo ndi chala. Kenako anati ba Mwale abwerere Lolemba, ndipo kuyambira pamenepo aliyense woona ngozi azizimitsa makina, kufotokoza pambuyo.

Pobwerera ndinagula chimanga chootcha pageti, tinabenthulirana. Malamulo ndidzawasungabe, ndiyo ntchito yanga. Koma wantchito watsopano aliyense ndiziyamba kumuuza chimene lamulo likuteteza: zala khumi zimene wabwera nazo m'mawa, abwerere nazo kwa ana ake.