Jakisoni Amene Sanali Wolera

Senderani kufupi, inu owerenga, mumve mmene ine, mayi wa imvi, ndinathamangitsira mwana wanga pamudzi ndi manja angawa. Sukulu sindinapondeko, koma chimene chinandigwetsa si chimenecho ayi. Chinandigwetsa n'kudziyesa wodziwa.

Mwana wanga Esime anakwatiwa ndi aLufeyo, a kabaza ya njinga yamoto pa Njuli. Anamanga nyumba pakhomo pathu pompano monga mkamwini. Anali munthu waulemu. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire, ine n'kuyang'ana kumbali, monga mwa chipongozi. Koma zaka zinapita, kumsana kwa Esime kuli mbee.

Tsiku lina mayi wa golosale pa Njuli anandinong'oneza kuti akamwini anga amasungitsa timabotolo ta jakisoni m'firiji mwake, pakati pa zakumwa. Inu owerenga, kwathu kuno mukangoti jakisoni pa nkhani ya banja, aliyense amamva chimodzi: kulera. Mutu unanditentha. Kani munthuyu akutseka mimba ya mwana wanga!

Ndinamufunsa Esime. Anagwetsa nkhope, nati, "Amayi, zisiyeni, n'za m'nyumba." Ine ndinayesa kumeneko n'kuvomera. ALufeyo sindikanawafunsa, mpongozi salankhula zoterezi ndi mkamwini. Ndiye ndinapita ku golosale kuja, ndinanama kuti aLufeyo andituma, ndinamanga timabotoloto pansonga ya chitenje n'kukatiponya m'chimbudzi. Sindinalekere pomwepo. Ndinaitanitsa ankhoswe, ndinakokanso anthu odzamvera, kuti munthuyo achite manyazi.

ALufeyo anakhala pansi, chipewa cha njinga chili pamaondo, n'kufotokoza mosakweza mawu. Thupi lawo linkaperewera mphamvu ya chimuna, ndipo adokotala ku Blantyre anawayika pa jakisoni woiwonjezera. Koma jakisoni ameneyo amagoneka mbewu ya mwamuna. Timabotolo tija tinali mankhwala ena, odzutsa mbewuyo kuti abereke. Wobayidwa anali iwo, osati Esime, ndipo adokotala anali atawauza kuti mbewu yayamba kuoneka. Kenako anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatire, nati, "Amayi, mwataya mdzukulu wanu m'chimbudzi."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mankhwala akanawapezanso, koma chinsinsi chimene mwana wanga anasunga ngati dzira, ine ndinachiswa pamaso pa mudzi. Kutacha, pa siteji anzawo ankawakuwiza: "Odi uko, adutse aja anagwa m'papaya!" Amayi okwera ankagwira pakamwa n'kusankha njinga ina.

Inu azimayi anzanga, mwana akakuuzani kuti n'za m'nyumba, bwererani pakhomo panu mukakhale pansi. Botolo limene simukulidziwa musaliweruze. Kusowa mwana si matenda a mkazi yekha, ndipo mwamuna amene wapita yekha kuchipatala ndi wofunika kumuphimba, osati kumuvula pagulu.

Mayi wa golosale akugulitsabe, tikakumana amanamizira kupukuta mashelefu. ALufeyo anasamukira ku Limbe, akuyendetsa njinga kumene sawadziwa. Esime anawatsatira, osanditsanzika. Ndinamva kwa anthu a m'minibasi kuti Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, akuti mphumi yake ndi yanga yeniyeni. Ine ndili pompano. M'nyumba yawo mumagona mbuzi. Chitenje chimene ndinagula kalekale choti ndidzaberekere mdzukulu chikadali chopinda, sichinalowepo m'madzi.