Ndinalimira Apongozi a Eni Ake

Chaka chimene anthu anayamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana osacheuka, ine ndinasiya ukalaliki ku esiteti ya tiyi n'kutsegula tiyirumu pa Limbuli. Ndinali ndi mabenchi, ketulo yaikulu, ndi mkazi wodziwa kuwiritsa tiyi wamkaka mpaka munthu kuiwala kuti njinga waisiya panja yosakhoma. Chimene tinalibe ndi buledi. Makasitomala ankalowa ndi wawo m'jumbo, mapau ogula kwa anyamata ochokera ku Milange, timabuledi tolimba kunja koma tofewa m'kati, n'kundisiyira nyenyeswa zoti ndisese. Zinkandiwawa kwambiri.

Ndinamangitsa uvuni kuseri n'kulengeza pamsika kuti ndikufuna mmisiri wa mapau, wa dzinja lokha, kuyambira mvula yoyamba mpaka Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zitadutsa, poti nyengo imeneyo ngakhale banja losauka limafuna buledi. Kulephera pamenepo kunali kubwerera ku esiteti kukagwadira kapitawo amene ndinamutsanzika mwamwano, antchito onse akumva.

Mwadzidzidzi aliyense amene anapondako ku Milange anasanduka mmisiri. Woyamba ankalankhula Chipwitikizi chokhachokha, ine n'kuganiza kuti ndapata. Buledi wake tinapanira chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo, ndipo anagwira ntchitoyo mokhulupirika. Wachiwiri anapempha fulawa kuti akayesere kwawo kaye. Mawa lake ndinakumana ndi mkazi wake pamsika akugulitsa mandasi, ndipo anandipatsa limodzi la banyira. Wachitatu anathira yisiti ngati akuthira feteleza. Fulawa anafufuma n'kutuluka m'beseni, fungo lake n'kuitana zidakwa zonse za pa Limbuli.

Wakabaza wina amene ankamwa tiyi kwathu ndiye anandimvera chisoni. Anati mmisiri weniweni ali m'mudzi wina kufupi ndi Muloza, munthu wa kutsidya kwa malire amene anabwera pothawa nkhondo, n'kukwatira konkuno. Ndinapita nditavala malaya anga a ukalaliki, cholembera chili m'thumba, kuti aone kuti akulankhula ndi munthu wa bizinesi.

Ndinamupeza akusema mpini. Anali wamtali, wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono. Nditatchula uvuni maso ake anawala. Anafunsa za njerwa, za kukula kwa khomo, za nkhuni zimene ndimasonkhera, ndipo za malipiro tinagwirizana msanga. Ndikuti ndimugwire chanza, iye anabweza dzanja n'kundiuza kuti ndi mkamwini, ndipo m'dzinja manja ake si ake. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo munda wa apongozi umamudziwa ndi dzina. Anandilozera khonde lina.

Apongozi akewo anali kamayi kakang'ono, kopanda dzino ndi limodzi lomwe, kabotolo ka fodya wofwenkha kali m'chikhatho. Ndinawafotokozera za chitukuko, za ufulu umene unabwera woti aliyense achite geni, za tsogolo la adzukulu awo. Anandimvetsera mpaka mate kundiuma, kenaka anafunsa kuti nanga munda alima ndani. Ndinalonjeza aganyu. Anafwenkha fodya, n'kunena kuti tiona.

Mapeto ake anamulola, ndipo mmisiri atafika anagumula theka la uvuni wanga n'kuumanganso, ine mtima uli m'mwamba. Koma mapau oyamba atatuluka ndinakhala pansi. Ukawanyema ankalira, nthunzi n'kutuluka, majarini n'kusungunuka yekha. Anyamata a ku Milange anayamba kudutsa pakhomo panga osandipatsa moni. Mkazi wanga anawonjezera benchi, ine ndinayamba kuyenda manja ali kumbuyo.

Mvula inagwa yamphamvu Khirisimasi itayandikira, ndipo m'mawa wina ndinapeza uvuni uli zii. Mmisiri anali ataitanidwa kwawo. Ndinapalasa njinga ngati wothamangitsidwa, n'kumupeza ali chiweramire m'chimanga, apongozi ali pachulu ngati kapitawo. Aganyu anga amayiwo anali atawathamangitsa dzulo lake, ati ankangokwirira udzu m'malo mouzula. Ndinalonjeza ena abwino, iwo anakana.

"Waganyu amalima akuyang'ana dzuwa," anatero. "Ine ndikufuna munthu woti munda uno ukafa, nayenso chake chife. Mwanditengera mkamwini, abambo. Bweretsani wina wamantha ngati iyeyo."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Wamantha woteroyo m'boma lonse la Mulanje anali mmodzi, ndipo anali atavala malaya oyera. Ndinavula nsapato, mmisiri anandipatsa khasu lake, n'kukwera njinga yanga kupita kukasonkha moto.

Basi moyo wanga unakhala umenewo. M'mawa uliwonse ndinkanyamula khasu, n'kumusiya wantchito wanga atakhala pa benchi langa, akumwa tiyi wanga, mapau akuzizira m'lichero. Ankandiitana apatarau, kutanthauza bwana m'Chipwitikizi, ndipo ulemu wake sunachepe tsiku ndi limodzi. Ankandilangiza mokoma mtima kuti kumunsi kwa mtengo wa mango kuli linthumbu, ndiponso kuti amayi sakonda munthu wowongoka pafupipafupi. Manja anga a cholembera anatuluka matuza, matuza anaphulika, n'kutuluka ena pamwamba pake. Anthu a m'mudzimo anayamba kufunsana kuti kodi ndakwatira uti mwa ana a mayi aja. Mkazi wanga atamva anaseka mpaka kugwira khoma, kenaka anasiya kuseka n'kufunsa kuti ana aakaziwo alipo angati.

Koma buledi ankatha. Anthu a ku esiteti analamuliratu wa Khirisimasi, ndipo msana ukandiwawa ndinkakumbukira nkhope ya kapitawo uja, khasu n'kupepuka.

Tsiku lina ndili mkati mobandira ndinaona munthu akutsika pa kabaza. Anali mwini golosale yaikulu ya pa Limbuli, mnzanga pomwa tiyi koma mdani pa geni, atavala mkanjo woyera wa Lachisanu, atanyamula shuga ndi chitenje chatsopano. Kumbuyo kwake kunali mmisiri wanga, mutu uli pansi. Ndinadziwa kuti ndatha. Munthuyo anali atamangitsa uvuni woposa wanga, ndipo malipiro amene ankalonjeza ine sindikanawafika ngakhale nditagulitsa ketulo. Anandipatsa moni ngati sakuona matope amene anali m'miyendo mwanga, n'kukagwada kwa amayi.

Amayi analandira shuga, anayeza chitenje m'chiuno, anamvetsera zonse. Kenaka anayang'ana mizere imene ndinabandira, yowongoka, yonenepa, yopanda udzu.

"Wa bulediyo mutengeni mukafuna, ine mano ndilibe," anatero. "Koma uyu musanditengere. Chiyambire sindinakhalepo ndi mkamwini wolima chonchi."

Kuyamikiridwa kunandikomera, sindinama, koma tiyirumu yanga inali ikugulitsidwa ndi paketi ya shuga ine ndikuona. Mwini golosale anamwetulira n'kutembenukira kwa mmisiri kuti amve tsiku loyamba ntchito. Mmisiri anakanda m'mutu nthawi yaitali. Anayang'ana manja ofewa a munthuyo, anayang'ana munda, anayang'ananso ine. Ndiye anafunsa mwaulemu ngati bwana watsopanoyo azibwera yekha kudzalima, poti akachoka kwa ine, ine ndichoka m'mundamo, ndipo khasu libwerera kwa mwini wake.

Mwini golosale anaseka, poyesa nthabwala. Palibe anamuthandiza kuseka. Amayi anatola khasu lina n'kuliika pafupi ndi mapazi ake, ndipo iye analiyang'ana ngati njoka. Anati akaganiza kaye, n'kubwerera kwa wakabaza wake, chitenje osachiitanitsa.

"Kumene kuja ndalama ziliko, apatarau," mmisiri anandinong'oneza, "koma bwana wake salima."

Anakwera njinga yanga kupita kukakanda fulawa wa Khirisimasi. Amayi anandikumbutsa kuti dzuwa likupita ndipo mzere wa kumalire sindinaumalize.