Bambo Amene Anaona Zamoyo M'dontho la Madzi

Kumapiri a Lobi kuli bambo ena achikulire amene samwa madzi asanawayang'anitsitse. Amakweza chikho, kuchipendeketsa padzuwa, kenako n'kuusa moyo. "Umu muli mudzi wathunthu," amatero, anzawo n'kumaseka.

Nkhondo ya Ajeremani isanabuke, bambowa anali mtengatenga wa dokotala wachizungu wofufuza matenda a kaodzera. Tsiku lina dokotalayo anawalola kusuzumira m'galasi lake lokulitsa zinthu. M'kadontho ka madzi a padambo anaonamo tizilombo tambirimbiri tikusambira, tina tikugawika pakati n'kukhala tiwiri. Anaona kamodzi kokhako, koma mtima wawo unatsalira pomwepo.

Chaka chatha, maso atayamba kuchita nkhungu, anamva kuti kumishoni ina kwabwera galasi lotero. Anayenda masiku awiri, mwana wawo Bernadetta akuwatsogolera ndi ndodo, nsupa ya madzi a padambo ili m'manja. Dokotala wa kumeneko anavomera, nadontheza madziwo pakagalasi. Bambowo anawerama nthawi yaitali, kupukuta diso, n'kuweramanso.

"Ndikungoona mbuu," anatero chapansipansi. "Tabwera uone ndiwe, mwanangu."

Bernadetta atangoikapo diso, anagwira pakamwa.

"Atate, tizilombo tija tilimodi! Kena kali ndi ubweya, kakungozungulira!"

"Nanga kogawika pakati kalipo?"

"Dikirani kaye. Eya, ako! Tsopano takhala tiwiri."

Bambowo anapapasa mpando n'kukhala, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Usachotsepo diso msanga, mwanangu. Uzindiuza zonse, pang'onopang'ono."