Nthenga za Pikoko Zitayamba Kuthothoka

Nditakwatira kwa Kawinga, ndinapita pachikamwini ndi njinga, sutukesi ya mabuku ndi mbalame ziwiri za pikoko m'dengu, yaimuna ndi yaikazi. Anandisiyira mbalamezi ndi mnzanga wina wa ku Liwonde amene ankasamukira kutali. Anthu a pamudzi anaseka mpaka kugwira nthiti. Ati akamwini ena amabwera ndi khasu, awa abwera ndi nkhuku zovala zaukwati.

Ine ndinkadziwa kuti tsiku lina adzaona okha.

Mu Okutobala, kutentha kutafika poti mbuzi zinkangobisala pansi pa nkhokwe, yaimuna ija inayamba zake. Inali ndi malo ake amodzi, pabwalo loyanikapo nandolo. Inkayamba yazungulira pang'onopang'ono, kenako mchira wonse n'kudzuka, kutambasuka mpaka kufika m'chifuwa mwanga, maso obiriwira ndi abuluu ali paliponse. Ikatero inkagwedeza nthenga zonse, zikumveka waa ngati mphepo m'munda wa chimanga chouma. Inkatembenukanso kuonetsa kumbuyo, timapiko tofiira tikunjenjemera. Nanga yaikaziyo? Ili phee, ikujompha madeya ngati sikuona kanthu. Mkazi wanga ankafa nazo kuseka. "Ndi mmene ndinkachitira ine, inu mukamabwera mutapisira malaya," ankatero.

Mbalame imeneyi ndinkaikonda, sindibisa. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pakhonde, makope a ana ali pamwendo osachonga, ndikungoiyang'ana. Ngakhale apongozi anga aamuna, mlimi wa thonje wosakonda zachibwana, ankachedwa dala pabwalopo akamachokera kumzikiti.

Mu Febuluwale zinthu zinasintha. Nthenga za yaimuna ija zinayamba kuthothoka, lero ziwiri, mawa zisanu. Pakutha milungu iwiri inatsala ndi kamchira ngati ka nkhanga, yasiya kuvina, yasiya kulira, ikungokhala pansi pa mtengo wa mango. Kutsidya kwa mtsinje chitopa chinali chitamaliza nkhuku. Mtima wanga unali m'mwamba.

Tsiku lina m'mawa apongozi anatuluka ndi mpeni n'kuyamba kunola pamwala. Pamudzi paja chiweto chikadwala sadikira kuti chife chokha. Chikafa chosazinga ndi haramu, amachitaya.

"Aphunzitsi," anatero osadzutsa mutu, "mbalame yanu ija yalowa chitopa. Tiizinge isanatifere, nkhukunso zisatengere."

Pakamwa panga panali "iyayi" wamkulu, koma sanatuluke. Kwa eni kulibe mkuwe. Nyumba ndinamanga pamalo awo, munda ndinkalima wawo, ndipo chifikireni ndinali ndisanawatsutsepo ngakhale kamodzi. Ndinangoti, "Chabwino, bambo." Choipa kwambiri n'chakuti ndinakaigwira ndine. Sinathawe, inali itazolowera kudya m'manja mwanga. Ndinamva mtima wake ukugunda pachikhatho, ndipo ndinadzida.

Apongozi anailozetsa kumene amayang'ana poswali, phazi limodzi pamapiko, lina pamiyendo. Ine ndinayang'ana kumbali. Ndinadikira kumva Bisimila, koma kunali zii. Nditacheuka ndinapeza mpeni uli pansi, iwo akupatula nthenga za kumsana ndi chala, nkhope ataiyandikitsa.

"Tabwerani kuno."

Pakhungu, pamene panathothoka nthenga zija, panali timinga tatsopano ndithu, tothinana, tikuboola ngati chimanga chongomera kumene. Anaitsekula kukamwa, mulibe dovu. Anaiyang'ana m'maso, ali gwa.

"Yodwala simeretsa nthenga," anatero. "Iyi ikungovula zakale."

Anachotsa mapazi. Inadzuka, kudzikutumula, n'kuyenda monyada kupita ku mango kwake, ndi kamchira kake koseketsako. Sindinadziwe kuti pikoko amatero chaka chilichonse nyengo yofunsira ikatha. Mnzanga uja sanandiuze, ndipo mabuku onse a m'sutukesi muja sanandithandize. Anaipulumutsa ndi maso a mlimi amene wagwira nkhuku moyo wake wonse.

Ndinayamba kuthokoza, mawu akutuluka mosokonekera. Apongozi anatola mpeni wawo, kuupukuta pa mkanjo, n'kundiyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Ndimakuonani pakhonde paja masiku onse," anatero. "Chinthu mumachikonda chotere, mukanangoima pamenepo ine n'kuchizinga?"